Momwe mungasankhire app yoyendetsera nyumba za lendi ngati muli ndi nyumba zochepa

Kwa alandilodi a nyumba ziwiri, zinayi, kapena kamdadada ka zipinda sikisi kuseri kwa nyumba yaikulu, kupeza alendi sikuvuta kwenikweni, chimene chimavuta ndi kudziwa kuti ndani walipira zingati, liti, ndipo watsala ndi zingati. Ndalama zimabwera mbali zonse, wina watumiza pa Mpamba, wina pa Airtel Money, wina wasiya kashi kwa mayi a kunyumba inu muli kuntchito, wina akuti "ndachotsapo ya pulambala uja", ndiye pofika pa 10 mwezi mutu wazungulira ndipo hadikava ija mwaiwala kulembamo. Apa ndi pamene ambiri amapita pa Play Store, kutsitsa app yoyamba imene yatulukira, ikawafunsa akaunti ya banki ya ku America amaisiya n'kubwerera ku kope. Malangizo awa ndi oti musankhe chinthu choti chigwire ntchito kuno, ndi ndalama zathu, netiweki yathu komanso alendi athu.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Foni ya Android kapena iPhone imene ili ndi malo okwanira, kompyuta ngati ilipo ndi bwino koma si yokakamiza
- Imelo yanuyanu ya Gmail imene pasiwedi yake mumaidziwa nokha
- Bandulo yokwanira mlungu wonse woyeserera
- Hadikava kapena kope limene mwakhala mukulembamo, mabuku a malisiti, ndi mapepala a mgwirizano ngati munasainirana ndi alendi
- Mauthenga a Mpamba, Airtel Money ndi a kubanki a miyezi itatu yapitayi, musawafufute
- Mabilu a madzi, nambala za mamita a ESCOM, ndi malisiti a city rates ngati mumalipira
- Pepala ndi cholembera, chifukwa sitepe yoyamba sifuna foni

1. Lembani kaye mmene ndalama zimayendera panopa

Musanatsitse chilichonse khalani pansi mulembe nyumba iliyonse, lendi yake, tsiku lolipira, njira imene munthuyo amalipirira, dipoziti imene anasiya, komanso amene amatolera ngati si inuyo. Lembaninso zinthu zimene zimakudyerani ndalama: kupopa septic tank, penti, maloko, mipopi yodontha, mlonda, city rates ku khonsolo, ground rent ngati malowo ndi a lizi.

Kenako pansi pake lembani zinthu zitatu zokha zimene zimakuvutani kwambiri. Kwa ena ndi kuiwala ngongole zakale, kwa ena ndi kukangana pa bilu ya madzi ya mita imodzi, kwa achimwene amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds nyumba zili ku Area 25 kapena ku Chirimba vuto ndi loti sadziwa ngati amene anamusiyira nyumbazo akunena zoona. Zitatu zimenezi ndizo muziyesera app iliyonse.

Chenjezo: musalembe zimene mumalakalaka, lembani zimene zimachitikadi. Ngati alendi anu atatu mwa asanu amalipira kawiri pamwezi, theka pa 1 theka pa 15, lembani choncho, chifukwa app imene imangodziwa "walipira" ndi "sanalipire" ikukanikani mwezi woyamba womwe.

2. Dziwani mitundu itatu ya zida zimene zilipo

Woyamba ndi tebulo wamba la Google Sheets kapena Excel. Ndi laulere kapena lotchipa, mumalikonza mmene mukufunira, koma silikukumbutsani lokha ndipo silitulutsa lisiti pokhapokha mutadziwa kulipanga.

Wachiwiri ndi ma app a ma invoice (mapepala oonetsa ndalama zimene munthu ayenera kulipira) ndi akaunti, monga Zoho Invoice. Awa sanapangidwire nyumba kwenikweni koma amatha kutulutsa invoice mwezi ndi mwezi, kulemba malipiro a theka, ndi kutulutsa lisiti looneka bwino loti mutumize pa WhatsApp. Mlendi aliyense mumamulemba ngati kasitomala basi.

Wachitatu ndi ma app opangidwiradi alandilodi, monga Buildium, AppFolio, TenantCloud, Stessa, DoorLoop ndi Landlord Studio. Ambiri mwa awa anapangidwira msika wa ku America, ndiye zinthu zimene amanyadira, kutolera lendi kudzera ku banki yokha, kufufuza mbiri ya ngongole ya mlendi, mafomu a msonkho, zonsezo zimadalira mabanki ndi malamulo a kumeneko. AppFolio yokha ndi ya makampani oyang'anira nyumba zambirimbiri, inu a zipinda sikisi musataye nayo nthawi.

Maganizo anga ndi akuti ngati muli ndi makomo osapitirira teni ndipo mumatolera nokha, yambani kuganizira woyamba ndi wachiwiri. Wachitatu muuganizire ngati makomo achuluka, kapena pali anthu angapo ogwira nawo ntchitoyi, kapena mwapeza app imene yadutsa masitepe onse ali m'munsimu.

3. Sefani ndi mafunso anayi, musanalembetse n'komwe

Tsegulani tsamba la app ija pa Play Store kapena pa webusayiti yawo muyang'ane izi.

Kodi Malawi ilipo pa mndandanda wa mayiko? Ma app ena amakana nambala ya +265 polembetsa, ena amafuna ZIP code ndi dzina la state, zimene zili za pa adiresi ya ku America. Mukaona zimenezo musanamize adiresi kuti mungolowa, mudzavutika nazo kutsogolo pa malisiti chifukwa azidzatuluka ndi adiresi yabodza.

Kodi kwacha ilipo? Fufuzani MWK pa ndalama. Ena amati palibe vuto ndingolemba manambala pa chizindikiro cha dola, koma lisiti lolembedwa $80,000 m'malo mwa K80,000 silingakuthandizeni tsiku limene nkhani yafika kwa amfumu, kwa block leader kapena ku khoti.

Kodi imalola kulemba malipiro pamanja? Ili ndiye funso lalikulu pa onse. Ndalama zanu zimalowa pa *444#, pa *211#, pa Mo626 kapena pamanja, ndipo app yakunja siziona zimenezi yokha, ndiye payenera kukhala batani loti mulembe nokha kuti lero uje wapereka zakuti kudzera njira yakuti, ndi malo olembapo nambala ya transaction. Ngati app imangofuna kuti mlendi alipire kudzera mwa iyo, isiyeni.

Kodi inakonzedwa liti komaliza? Pa Play Store pamalembedwa tsiku la update yomaliza. Ngati padutsa zaka ziwiri eni ake mwina anaisiya kale, ndipo foni yanu ikadzasintha Android app ija itha kungotseka yokha ndi zolemba zanu zili momwemo. Werenganinso ndemanga za nyenyezi imodzi ndi ziwiri, ndi mmene mumamva zoona.

Pakhoza kukhalanso ma app opangidwa konkuno kapena m'mayiko oyandikana nafe amene akuti amalumikizana ndi mobile money. Ngati mwapeza yotere ndi nkhani yabwino, koma funsani bwinobwino: ndalama za mlendi zimafikira pa nambala yanu mwachindunji kapena zimayamba zagona kaye kwa iwo? Zimagona masiku angati? Amadula zingati pa malipiro aliwonse, ndipo amene amadulidwayo ndi inu kapena mlendi? Ofesi yawo ili pati? Akamazemba mafunso amenewa musapereke lendi yanu.

4. Werengani mtengo weniweni

App ikati ndi madola 15 pamwezi musangoti ndi zochepa. Sinthani kukhala kwacha pa mtengo umene banki yanu ikudula pa kadi, chulukitsani ndi 12, kenako yerekezani ndi lendi ya chipinda chimodzi. Ngati app ikudya lendi ya chipinda chathunthu kwa miyezi iwiri itatu pachaka, ganizani kawiri.

Kumbukiraninso kuti mtengo wa dola sukhala malo amodzi. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene amalipira zinthu za pa intaneti m'madola anaona bilu yake ikukwera usiku umodzi lendi ili pomwepo. Pamwamba pa izo pali vuto la forex, makadi athu a Visa nthawi zina amakanidwa kapena amakhala ndi malire a ndalama zakunja, ndiye funsani funso ili: mwezi umene kadi yakana, app idzanditsekera kunja kapena ndidzathabe kuona zolemba zanga?

Onaninso mmene amawerengera. Ena amatchaja pa khomo lililonse, ndiye mdadada wa zipinda eyiti zotchipa umatuluka wodula kuposa nyumba imodzi ya ku Area 47. Ena mtundu waulere umalola makomo ochepa okha, ena umabisa malisiti kapena ma report mpaka mutalipira.

Chenjezo pa free trial, masiku oyeserera mwaulere: ena amafuna kadi poyamba ndipo masiku akatha amadula okha osafunsa. Kufufuta app pafoni sikuletsa malipiro, muyenera kulowa kumene munalembetsera, kaya ndi mu Play Store pa subscriptions kapena pa webusayiti yawo, n'kuletsa pomwepo. Ikani alamu ya masiku awiri trial isanathe.

5. Yesani ndi mavuto enieni, osati ndi mlendi wabwino

Apa ndi pamene muyenera kutherapo nthawi. Sankhani ma app awiri okha amene adutsa sefa, mu iliyonse pangani nyumba yongoyerekeza ndi mlendi wongoyerekeza wa lendi ya K80,000, kenako muichite zinthu zimene alendi enieni amachita.

Yambani ndi malipiro a theka. Lembani kuti wapereka K50,000 pa 3, K20,000 pa 18. Kodi ikuonetsa kuti watsala ndi K10,000? Nanga mwezi ukatha K10,000 ija ikusamukira ku mwezi wotsatira yokha kapena yangosowa? Ma app ena amagwera pamenepa.

Kenako yesani miyezi itatu ya patsogolo, poti kuno ambiri timalandira choncho munthu akamalowa. Lembani K240,000 tsiku limodzi muone ngati ikugawa pa miyezi itatu, kapena ikuti mwezi uno walipira zambiri ndipo mwezi wamawa ali ndi ngongole.

Dipoziti iyenera kukhala payokha. Si phindu lanu, ndi ndalama ya mwini wake imene mukungosunga, ndiye app ikaisakaniza ndi lendi idzakunamizani kuti mwapanga zambiri chaka chino, ndipo tsiku lotuluka munthuyo mudzasowa poyambira kuwerengera zodula za penti ndi magalasi osweka.

Yesaninso nkhani ya "ndachotsapo". Mlendi wakonzetsa mpopi K15,000 ndipo wakupatsani K65,000. Njira yabwino yolembera ndi yoti lendi yonse K80,000 yalipidwa, ndipo inu mwawononga K15,000 pa kukonza, ndi chithunzi cha lisiti la ku hardware. Onani ngati app ikulola kuika chithunzi pa zowononga.

Bilu ya madzi ya mita imodzi ya Water Board yogawana makomo anayi, onani ngati mutha kuwonjezera ndalama yosinthasintha pamwamba pa lendi ya mwezi umenewo wokha. Magetsi ngati khomo lililonse lili ndi mita yake ya prepaid palibe nkhani, aliyense amagula mayunitsi ake, koma ngati mita ndi imodzi yesaninso chimodzimodzi.

Kwezani lendi kuyambira mwezi wina wake muone ngati miyezi yakale ikukhalabe pa mtengo wakale. App ina mukasintha mtengo imasintha mbiri yonse, ndiye anthu amene analipira bwinobwino chaka chatha amaoneka ngati ali ndi ngongole.

Ngati mlendi wanu ndi kampani kapena bungwe, iwo amadula msonkho wotchedwa withholding tax asanakupatseni ndalama ndipo amayenera kukupatsani satifiketi yake. Onani ngati pali polemba ndalama yodulidwayo kuti isaoneke ngati ngongole, ndipo satifiketiyo isungeni chifukwa ndi imene mudzaonetse ku MRA. Ndalama za lendi zimalipiridwa msonkho, ndiye app yabwino ndi imene ingakutulutsireni zonse zolowa ndi zotuluka za chaka chathunthu pa pepala limodzi.

Pomaliza tulutsani mlendi uja pakati pa mwezi n'kulowetsa wina m'nyumba yomweyo. Mbiri ya woyamba ikhalebe, osafufutika.

6. Zimitsani data muone

Ikani foni pa flight mode mutsegule app. Ikutseguka? Mutha kulemba malipiro? Mukayatsa data zikulowa zokha? Magetsi akazima netiweki imavuta m'madera ambiri, ndipo mlendi akakupatsani kashi pakhomo muyenera kulemba nthawi yomweyo, za "ndilemba ndikafika" ndi zimene zinatipweteka pa hadikava. Google Sheets imalola kusunga fayilo kuti izitseguka popanda intaneti koma muyenera kuyatsa nokha pa fayiloyo.

Ngati pali wina wokuthandizani kutolera, mpatseni ayese pa foni yake, osati yanu. Foni yake mwina ndi ya itel yaing'ono ya malo ochepa, ndipo app yolemera siyenda. Onani ngati angakhale ndi akaunti yakeyake yoti azilemba koma osafufuta, komanso ngati app imaonetsa amene wasintha chinthu ndi nthawi yake. Kwa inu a kunja mfundo imeneyi ndiye yofunika kuposa zonse. Musamupatse pasiwedi yanu ngakhale ndi mphwanu wa bere limodzi, si nkhani yomukayikira, koma pakadzasowa ndalama aliyense adzafuna umboni woti si iyeyo, ndipo umboniwo umamuteteza iyenso.

7. Onetsetsani kuti mutha kutulutsa zolemba zanu

Fufuzani batani la export. Liyenera kukupatsani fayilo ya Excel kapena CSV ya malipiro onse, ndi PDF ya mlendi mmodzi payekha. Yesani ndithu, tsegulani fayiloyo muone ngati zili bwino. App yopanda export ili ngati kusungitsa chimanga m'nkhokwe ya munthu wina amene kiyi amasunga yekha. Mukasankha, zolowerani kutulutsa fayilo kumapeto kwa mwezi uliwonse n'kuisunga pa Google Drive, pamene pali 15 GB yaulere, komanso kudzitumizira pa imelo.

Za chitetezo musazitenge mopepuka. Mu app imeneyi mukhala mayina, manambala a foni, mwina zithunzi za ziphaso za anthu, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lokhudza kasungidwe ka zinthu zotere. Sungani zokhazo zimene mukufunikiradi, ikani loko pafoni, yatsani 2-Step Verification pa Gmail, yoti polowa muzitsimikizanso ndi foni yanu pamwamba pa pasiwedi. App ya lendi ikapempha kuona ma contact anu onse kapena kuwerenga ma SMS onse, kanani, mu SMS ndi mmene mumabwera makodi a kubanki.

8. Samukani pang'onopang'ono

Yambani pa 1 mwezi watsopano. Musalowetse mbiri ya zaka zisanu, mudzatopa n'kusiya, ingolowetsani ngongole imene aliyense ali nayo lero ndi dipoziti yake. Koma musanalowetse, khalani pansi ndi mlendi aliyense mugwirizane nambala imeneyo, asaine pa kope, chifukwa mukalowetsa nambala yokanganirana ndiye kuti mkanganowo mwausamutsira mu foni.

Miyezi iwiri yoyamba lembani monse muwiri, mu app ndi mu hadikava, kumapeto kwa mwezi yerekezani ndi mauthenga a Mpamba, Airtel Money ndi statement ya kubanki. Zikagwirizana kawiri mutha kupumitsa kope.

Auzeni alendi mwaulemu kuti kuyambira tsopano aliyense akalipira azilandira lisiti pa WhatsApp kapena pa SMS tsiku lomwelo, ndipo akatumiza ndalama azinena nambala ya khomo. Musawakakamize kutsitsa app, ena ali ndi foni za mabatani ndipo ena bandulo ndi ndalama ya ndiwo. Agogo amene amakonda lisiti la papepala apatseni la papepala, inu mulijambule.

Ngati mwasankha Google Sheets

Pangani masamba atatu: Alendi, Malipiro, Zowononga. Pa Malipiro mzere uliwonse ukhale malipiro amodzi, osati mwezi umodzi, ndi magawo awa: tsiku, khomo, dzina, mwezi umene akulipirira, ndalama, njira, nambala ya transaction, wolandira. Pa Alendi ndi pamene muziwerengera zotsala pogwiritsa SUMIF, imene imaphatikiza malipiro onse a khomo limodzi, ngati simuidziwa mwana wa sekondale amene anaphunzirako kompyuta akukonzerani mu ola limodzi. Musaiwale kusintha locale, dziko limene fayilo imatsata polemba madeti, kukhala United Kingdom mu settings, chifukwa ikakhala pa United States 03/04 iziwerengedwa ngati March 4 pomwe inu mukunena 3 April. Pogawana fayilo, wongoonerera mpatseni Viewer, wolemba mpatseni Editor, ndipo version history imaonetsa amene anasintha.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kulemba kuti munthu walipira chifukwa watumiza screenshot. Mauthenga abodza a mobile money alipo ambiri, onani balansi yanu kaye kapena uthenga wochokera ku Airtel kapena TNM weniweniwo musanatulutse lisiti.

Kulandira lendi pa nambala yomwe mumagulira ndiwo, mayunitsi ndi kutumizira abale kumudzi. App idzati mwalandira K400,000 koma pafoni pali K60,000 ndipo simudziwa zapita kuti. Khalani ndi nambala kapena akaunti ya lendi yokha.

Kusagwirizana za ndalama yodula potapa. Mlendi amatumiza K80,000 ndendende, inu potapa kwa ejenti mwadulidwa, kenako mukumulemba ngongole ya ndalama imeneyo iye osadziwa. Nenani poyamba amene azilipira chaji, mulembe mu mgwirizano.

Kulembetsa app ndi imelo ya mwana kapena ya kuntchito. Mwana akapita ku koleji kapena ntchito ikatha, zolemba zonse zapita nawo.

Kuyatsa zikumbutso zokha osawerenga mawu ake. Ma app akunja amatumiza uthenga wachingerezi wouma ndipo ena amawonjezera okha chindapusa cha kuchedwa chimene simunagwirizane ndi munthu. Zimitsani chindapusacho, chimene mu app amachitcha late fee, uthengawo ulembeni nokha mu Chichewa, ndipo pakhomo pakagwa maliro kapena matenda zimitsani chikumbutso cha khomo limenelo mwezi umenewo, mupite nokha mukawaone.

Kukhulupirira mafomu a mgwirizano ndi a notisi amene amabwera mu app. Analembedwa potsata malamulo a dziko lina, ndiye mgwirizano wanu ulembedwe konkuno, ngati nyumbayo ndi ya ndalama zambiri muonetseni loya, kenako muujambule n'kuuika mu app ngati chithunzi kapena PDF.

Kutaya mabuku akale a malisiti mukangosamuka. Asungeni mu katoni malo ouma, ngongole zakale ndi madipoziti a anthu amene analowa kalekale umboni wake uli mmenemo.